Geni ya nsomba za m'galasi: dziwani mtundu musanathamangire utoto

Pamsika wa Chimwankhunda, monga m'misika ina yonse ya mumzinda wa Blantyre, nsomba ndi ndiwo basi. Usipa ndi utaka wouma zimagulitsidwa pamulu, chambo chachiwisi chimatchulidwa mtengo malinga ndi kukula kwake, ndipo mitengo imakwera mwera ukavuta kunyanja kapena mafuta a galimoto akasowa. Wogula amafunsa ngati nsombayo ndi yalero. Safunsa ngati idali yokongola pamene idali moyo.

Komatu nyanja yomwe imatipatsa ndiwoyi ili ndi msika wina umene ambiri a ife sitidaupondemo. Mitundu ina ya utaka womwewu, umene akatswiri amautcha Copadichromis, ku Germany, ku Britain ndi ku America imagulidwa yamoyo, nsomba imodziimodzi, n'kukaikidwa m'thanki ya galasi pabalaza kuti anthu azingoiyang'ana. Kuno kwathunso mathanki oterewa mumawaona pofikira alendo m'mahotela, m'maofesi, m'malesitilanti ndi m'nyumba za anthu ena. Aliyense wa eni mathankiwa amafuna wina womupezera nsomba, chakudya chake komanso womutsukira thanki.

Apa pali geni, koma ndi geni yosavuta kuluzapo. Tomato akaola mumaluza tomato yekha. Nsomba za m'galasi zikafera kunyumba kwa kasitomala patangotha sabata, mumaluza ndalama, kasitomalayo, komanso anzake onse amene awauze pa WhatsApp.

M'Chichewa mawu oti “mtundu” ali ndi matanthauzo awiri. Pali mtundu wa pakhungu, monga wachikasu, wabuluu kapena wofiira, ndiye pali mtundu wa chibadwa, umene umatiuza kumene nsomba idachokera, zimene imadya ndi khalidwe lake. Kasitomala amabwera ataona mtundu woyambawo. Ntchito yanu ngati wogulitsa ndi kudziwa wachiwiriwo, chifukwa ndi umene umaneneratu ngati nsomba zimene wasankha zikakhale limodzi kapena zikaphana.

Chuma chili pakhomo

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Akatswiri amati mitunduyi ndi pakati pa 800 ndi 1,000, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse.

Zodziwika kwambiri pamsika wa kunja ndi mbuna, tinsomba tokhala m'miyala timene dzina lake lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay. Malonda otumiza nsombazi kunja si achilendo. Malemu Stuart Grant, amene adamwalira mu 2007, adayendetsa bizinesi imeneyi kwa zaka zoposa 30 kuchokera ku Kambiri Point, ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo nsomba ina yokongola kwambiri, Aulonocara stuartgranti, idatchedwa dzina lake. Inanso, Chindongo saulosi, idatchedwa dzina la Saulos Mwale, Mmalawi amene ankamira m'madzi kugwira nsombazi.

Chopweteka n'chakuti nsomba zambiri za ku Malawi zimene zikugulitsidwa padziko lero sizichokera kuno ayi. Zimaswetsedwa m'maiwe ndi m'mathanki ku Florida, kumayiko a ku Asia komanso ku Ulaya. Anthu amene sadaionepo nyanja yathu akudya ndalama za nsomba zathu, pamene ife, amene nyanjayo ndi ulendo wa maola ochepa pa basi, tikuona ngati geniyi ndi ya azungu.

Magulu osayenera kusakaniza

Kasitomala wofuna thanki ya nsomba zosiyanasiyana amaloza chala mwachisawawa: iyi yachikasu, iyo yazipsepse zazitali, ndi ija yofiira. Musanatenge kaukonde, dziwani kuti nsomba zimene mungagulitse zili m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse limafuna thanki yakeyake.

Gulu loyamba ndi mbuna. Zimakonda madzi ofunda ngati a kunyanja, zimadya ndere za pamiyala, ndipo yamphongo iliyonse imadzigawira mwala wake n'kumathamangitsa aliyense woyandikira. N'zokongola, n'zolimba, koma n'zandewu.

Gulu lachiwiri ndi la Aulonocara, zimene pamsika zimadziwika kuti peacock, pamodzi ndi utaka. Izinso n'za m'nyanja yathu, koma zimakhala pamchenga kapena pamadzi oyera, ndipo n'zofatsa poyerekeza ndi mbuna. Mukaziika pamodzi ndi mbuna zaukali zimabisala, zimasiya kudya bwino, ndipo utoto umene kasitomala adalipirira umazilala.

Gulu lachitatu ndi tinsomba tating'ono tochokera kunja monga guppy, platy, molly ndi neon tetra. Iti n'tofatsa ndipo timakhala bwino tokhatokha, ngakhale kuti neon tetra, yochokera kumitsinje ya ku Amazon, imafuna madzi osiyana ndi amene mbuna zimafuna. Kuika guppy m'thanki ya mbuna n'chimodzimodzi kutsekera anapiye m'khola la agalu. Zipsepse zimayamba kudyedwa tsiku lomwelo.

Gulu lachinayi ndi goldfish. Iyi ndi nsomba ya madzi ozizira, imakula kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo imadetsa madzi msanga. Siyenera kukhala ndi gulu lililonse mwa atatu enawo, ndipo siyenera kukhala m'kambale kagalasi kozungulira kamene anthu amaona pa kanema.

Palinso nsomba zina za m'nyanja yathu zofunika kusamala nazo mwapadera. Kalingono, imene akatswiri amaitcha Nimbochromis livingstonii, imagona chammbali pamchenga ngati yafa, kansomba kakayandikira n'kukameza. Ikakhala yaing'ono imaoneka bwino ndi mawanga ake, koma ikakula imatha anzake ang'onoang'ono m'thanki.

Mbuna zoyambira nazo

Kwa wamalonda wa ku Blantyre, gulu lanzeru kuyamba nalo ndi mbuna. N'zathu, sizifuna ndalama zakunja kuti muzipeze, zimaswana mosavuta, ndipo utoto wake sugonja kwa nsomba ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Koma ngakhale pakati pa mbuna pali zofatsa ndi zankhanza.

Yoyamba kuisunga ndi Labidochromis caeruleus, imene ogula amaitcha yellow lab kapena electric yellow. Yachikasu kwambiri imachokera ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay. Yamphongo ndi yaikazi zonse n'zachikasu chowala, chokhala ndi mzere wakuda pachipsepse cha pamsana, ndipo ndewu zake n'zochepa. Yachiwiri ndi Pseudotropheus acei, yabuluu yokhala ndi mchira wachikasu kapena woyera, imene imasambira m'magulu chapamwamba pa thanki m'malo molimbirana miyala. Yachitatu ndi Iodotropheus sprengerae, yofiirira ngati dzimbiri, ya ku Boadzulu ndi tizilumba ta kumwera kwa nyanja. Zitatuzi zimakhala pamodzi bwino, ndipo kasitomala amapeza chikasu, buluu ndi kufiirira m'thanki imodzi.

Chindongo saulosi ili ndi mwayi wake pamalonda: zazikazi n'zachikasu, zamphongo n'zabuluu za mizere yakuda, choncho mtundu umodzi umapereka utoto uwiri. Koma nsombayi imapezeka pamalo amodzi okha m'nyanja, pa Taiwanee Reef, ndipo idachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, moti ili pamndandanda wa nsomba zimene zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Ngati mukuifuna, gulani yoswetsedwa m'thanki, osati yogwidwa kunyanja.

Ziwiri zimene zimagwetsa ogulitsa atsopano ndi Melanochromis auratus ndi Metriaclima lombardoi, imene imatchedwanso kenyi. Zikakhala zazing'ono zimakopa maso kuposa zonse: auratus ndi yachikasu ya mizere yakuda yopingasa, kenyi ndi yabuluu. Patapita miyezi ingapo yamphongo ya auratus imada, yamphongo ya kenyi imasanduka yachikasu, ndipo zonse ziwiri zimayamba kulamulira thanki mwankhanza. Kasitomala amabwerera kudzafunsa chifukwa chake nsomba yasintha mtundu komanso chifukwa chake zinzake zikufa. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsomba ziwirizi zigulitseni kwa amene adawetapo kale, ndipo muwauze zoona.

Malamulo a kasakanizidwe ndi atatu. Pa yamphongo imodzi ikani zazikazi zitatu kapena zinayi, kuti yamphongoyo isazunze imodzi yokha. Musaphatikize mitundu iwiri yofanana utoto ndi mizere, chifukwa zamphongo zimaonana ngati opikisana nawo, ndipo zikhoza kuswana mosokonezeka n'kubala ana opanda dzina amene wodziwa nsomba sangagule. Chachitatu, ikani miyala yambiri yokhala ndi mapanga kuti yothamangitsidwa izipeza pobisala.

Pooda, yang'anani nsomba osati nkhani

Wokugulitsani akhoza kukamba zambiri, koma nsomba yokha ndiyo imanena zoona. Imani pafupi ndi thanki kwa mphindi zingapo. Nsomba yathanzi imasambira mowongoka, zipsepse zili zotambasuka, maso ali owala, ndipo imathamangira chakudya. Pemphani kuti azidyetse inu mukuona. Siyani iliyonse yokhala ndi timadontho toyera ngati mchere pathupi, yodzikhula kumiyala, yopuma mwabefu pamwamba pa madzi, yamimba yolowa m'kati kapena yotupa. M'thanki mukakhala yakufa kapena yodwala ngakhale imodzi, musagulemo iliyonse.

Chenjeraninso ndi utoto wabodza. Pa nsomba za peacock, zamphongo zokha ndizo zimawala, ndipo zimayamba kutero zikamakula. Zazikazi ndi ana n'zotuwa. Mukapeza thanki ya tiana ta peacock tonse tikuwala ngati tatikulu, kayikirani, chifukwa alimi ena akunja amadyetsa nsomba mankhwala okakamiza utoto. Pakatha milungu ingapo utotowo umachoka, ndipo wotukwanidwa ndinu. Palinso nsomba zina zochokera kunja zimene zimabayidwa utoto ndi jakisoni. Izi sizikhalitsa.

Ponyamula, gwiritsani ntchito mapepala apulasitiki okhuthala, madzi akhale gawo limodzi mwa atatu ndipo magawo awiriwo akhale mpweya. Nsomba zisadye kwa tsiku limodzi ulendo usanayambe kuti zisadetse madziwo. Mapepalawo aikeni m'katoni kapena m'bokosi losalowa dzuwa, osati pansi pa mpando wa minibasi pafupi ndi injini. Mukafika, yandamitsani pepala lomangabe m'thanki kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kwa madzi kufanane, kenako tulutsani nsombazo ndi kaukonde. Madzi a m'pepala atayeni.

Nsomba zatsopano zisungeni pazokha kwa milungu iwiri musanazigulitse kapena kuziphatikiza ndi zakale. Ambiri amaona ngati uku n'kumangirira mpamba, koma matenda a nsomba amayenda ndi nsomba zamoyo. Mu 2020 dziko lino lidaona matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS m'boma la Mchinji, ndipo alimi a m'maiwe amadziwa mmene matenda oterewa amapululira. Thanki imodzi yosungiramo alendo ikhoza kupulumutsa sitoko yanu yonse.

Madzi, chisanu ndi magetsi a ku Blantyre

Nsomba zambiri zimene zimafera kwa makasitomala sizifa ndi ndewu kapena matenda, zimafa ndi madzi. Madzi a pampope a Blantyre Water Board, amene ambiri mwa iwo amapopedwa mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, amathiridwa kolorini kuti akhale abwino kwa anthu. Kolorini yemweyo amaotcha makha a nsomba. Njira yodalirika ndi kuthiramo mankhwala ochotsa kolorini, ndipo awa ndi katundu wina woti muzigulitsa. Popanda mankhwalawo, tungani madzi m'ndowa zosavundikira n'kuwasiya kwa masiku awiri musanawagwiritse ntchito.

Madzi a m'nyanja ya Malawi amakhala ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6. Kachipangizo kapena timapepala toyezera pH n'tofunika kwa aliyense wochita geniyi. Madzi a mvula sayenera mbuna. Mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino ndi wokwanira pansi pa thanki, ndipo zigoba za nkhono zosinja kapena miyala ya laimu zimathandiza kuti pH isatsike. Chilichonse cholowa m'thanki chitsukidwe ndi madzi okha. Sopo ndi poizoni kwa nsomba.

Thanki yatsopano sitiidzaza nsomba tsiku lomwelo. Ndowe za nsomba zimatulutsa amoniya, ndipo amene amasandutsa amoniyayo kukhala chinthu chosaopsa kwambiri ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamera m'sefa. Tizilomboti timatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti tichuluke. Kasitomala amene wagula thanki Loweruka n'kufuna nsomba 15 tsiku lomwelo, mukanizeni mwaulemu. Mupatseni zochepa poyamba, kapena mugawireni siponji ya m'sefa yanu yakale imene ili kale ndi tizilomboto. Muuzeninso kuti siponjiyo azitsukira m'madzi ochokera m'thanki, osati pampope.

Kenako pali chisanu. Blantyre ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Mbuna zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa kuchokera ku Soche mpaka ku Limbe, madzi a m'thanki yopanda hita amazizira kuposa pamenepo, nsomba zimafooka, ndipo matenda a timadontho toyera amabuka. Wogula thanki mu October saona kufunika kwa hita. Muuzeni lero, asadzakudandaulireni mu June.

Za kuzimazima kwa magetsi sitifunika kuuzana. Tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi akazima, sefa ndi pampu ya mpweya zimaima, ndipo m'thanki yodzaza nsomba mpweya umayamba kuchepa pakangotha maola ochepa. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena kochajidwa n'kotchipa poyerekeza ndi nsomba zimene kangapulumutse, ndipo kasasowe pa thanki iliyonse imene mwagulitsa. Popanda kapampuko, kutunga madzi a m'thanki ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kumathandiza. Magetsi akazima musadyetse nsomba, ndipo kukazizira fundikani thanki ndi bulangete.

Pa chakudya, mbuna n'zodya zamasamba. Zipatseni chakudya chokhala ndi spirulina, pang'ono pokha, choti zimalize pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri. Chakudya cha mafuta ndi nyama yambiri chimazitupitsa mimba mpaka kufa. Nsima, buledi ndi zotsala za patebulo zimangoolera m'madzi.

Kuwerengera mpamba ndi mtengo

Mpamba waukulu pa geniyi si nsomba, ndi zipangizo. Mapampu, mahita, masefa ndi zakudya za m'mabotolo zimachokera kunja, ndipo mitengo yake imatsata dola. Kuyambira pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wogulitsa katundu wakunja amadziwa kuti mtengo wa dzulo si wa lero. Musapereke mtengo wa thanki yonse kwa kasitomala musanafunse kaye mtengo watsopano wa zipangizo.

Chimene mungachepetsere ndalama ndi thanki yeniyeniyo. Amisiri odula magalasi a mawindo ku Limbe ndi ku Ndirande akhoza kukudulirani, inu n'kumata nokha. Gwiritsani ntchito silikoni wolembedwa kuti ndi wa mathanki a nsomba, chifukwa wa kubafa amakhala ndi mankhwala opha nkhungu amene amaphanso nsomba. Thanki ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu imalowa malita 243, ndipo ndi yabwino kwa mbuna zing'onozing'ono 12 mpaka 15. Pa kukula kumeneku galasi likhale la mamilimita 8 mpaka 10, lokhala ndi zogwiriziza pamwamba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mukaphatikiza galasi, miyala ndi mchenga, katunduyu amapyola makilogalamu 300. Kashelefu ka TV sikangamuthe. Apa pali ntchito ya wowotcherera zitsulo, ndipo thankiyo muidzaze madzi panja kwa masiku angapo kuti muone ngati ikudontha musanapite nayo kwa mwini.

Poika mtengo wa nsomba, werengerani imfa. Tiyerekeze, manambalawa ndi ongopereka chitsanzo, kuti mwaoda nsomba 20 ndipo zonse pamodzi ndi thiransipoti, chakudya ndi magetsi a milungu iwiri zakudyerani K100,000. Mukagawa mupeza K5,000 pa nsomba. Koma zinayi zikafa, 16 zotsalazo zakudyerani K6,250 iliyonse. Amene waika phindu lake pamwamba pa K5,000 akhoza kugulitsa moluza osadziwa. Lembani m'kope nsomba iliyonse yolowa, yogulitsidwa ndi yakufa, komanso kumene mudaioda. Pakatha miyezi itatu kopelo likuuzani woodetsa woti mumusiye.

Magetsi nawo awerengereni, ndipo kasitomala adziwiretu. Hita ya mawati 200 ikamayaka maola 12 patsiku imadya mayunitsi 72 pamwezi. M'nyengo yotentha imayaka pang'ono, koma m'nyengo yozizira mita imathamanga.

Ndalama yokhazikika ili pa kusamalira. Thanki imafuna kuchotsamo gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, zimene pa thanki ya malita 243 ndi ndowa zitatu za malita 20. Bwana wa ofesi kapena mwini lesitilanti alibe nthawi imeneyo. Gwirizanani malipiro a pamwezi oti muzibwera kudzasintha madzi, kutsuka galasi ndi sefa, komanso kubweretsa chakudya. Nsomba mumagulitsa kamodzi, koma ulendo wosamalira ndi wa mwezi ndi mwezi, ndipo makasitomala asanu oterewa amakupatsani poyambira podziwika mwezi usanayambe. Nsomba zamoyo sizifuna kuyalidwa padzuwa pabenchi ya mumsika. Zisungeni kunyumba, jambulani kanema waufupi pafoni, muike pa WhatsApp ndi Facebook, ofuna abwere kudzaona.

Kuswetsa kumadula ulendo wa kunyanja

Mbuna zimalera ana mwachilendo. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa kwa pafupifupi milungu itatu, osadya, mpaka ana atatha kusambira. Mudzaizindikira ndi kukhosi kotupa komanso kukana chakudya. Ikatsala pang'ono kulavula, isamutsireni m'kathanki kayokha, ndipo ana akatuluka muziwapatsa chakudya chomwecho chosinja. Yellow lab imodzi imatulutsa ana 10 mpaka 20 pa ulendo, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi amakhala ofika pogulitsa.

Nsomba zoswetsedwa pakhomo zidazolowera kale madzi a mumzinda muno ndi chakudya cha m'botolo, choncho sizifa chisawawa ngati zogwidwa kumene kunyanja. Sizilipira thiransipoti ya ku Salima kapena ku Mangochi, ndipo sizichepetsa nsomba za m'nyanja. Chofunika n'kusunga mtundu uliwonse paokha kuti ana akhale enieni.

Malamulo ndi damu la Chimwankhunda

Musanaike ndalama pa geniyi, pitani kuofesi ya Dipatimenti ya za Nsomba mukafunse za ziphaso. Lamulo la Fisheries Conservation and Management Act la 1997 limafuna chilolezo pa kusamutsa nsomba zamoyo kuchoka m'madzi ena kupita m'madzi ena, komanso pa kubweretsa nsomba zachilendo. Boma lidaletsanso kuweta nsomba ya carp poopa kuti ingalowe m'nyanja ya Malawi, ndipo koi, imene anthu amaikonda m'maiwe a pakhomo, ndi carp yomweyo. Kugula nsomba zakunja kwa munthu amene wangozilowetsa m'chikwama pa Mwanza kapena pa Muloza n'kuika mpamba wanu pamoto. Ku Lake Malawi National Park n'koletsedwa kugwira nsomba pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la malo otetezedwawo, choncho mnyamata wokuuzani kuti akugwirirani mbuna zotchipa pazilumba za ku Cape Maclear akukuitanirani mlandu.

Chomaliza ndi chimene muyenera kuuza kasitomala aliyense. Tsiku lina adzatopa nazo nsombazo, kapena adzasamuka, ndipo adzaganiza zokazitaya m'damu la Chimwankhunda, mu Mudi kapena mu Naperi poganiza kuti akuzichitira chifundo. Nsomba yachilendo ikalowa m'madzi oterewa ikhoza kubweretsa matenda kapena kulanda chakudya cha makumba ndi matemba, ndipo sichotsekanso. Ngakhale nsomba za m'nyanja yathu yomwe zimasokoneza zikaikidwa pamalo olakwika. M'zaka za m'ma 1960, mbuna yotchedwa Cynotilapia afra idatengedwa kumpoto kwa nyanja n'kutayidwa pachilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear, ndipo idafalikira n'kuyamba kuswana ndi mbuna za pamalopo. Namasupuni, amene amatseka mtsinje wa Shire n'kusokoneza makina a magetsi ku Nkula, kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankamukonda ngati duwa lokongoletsa maiwe.

Choncho lonjezani makasitomala anu kuti nsomba imene aitopa nayo aibweze kwa inu. Mudzaisunga payokha milungu iwiri, n'kuigulitsanso ili yaikulu, pamtengo woposa umene idachokera.

Kwa amene akufuna kuyesa, musayambe ndi ngongole yaikulu ya ku banki m'khonde. Yambani ndi mathanki awiri, imodzi ya yellow lab ndi ina yosungiramo alendo, hita, sefa ndi kapampu ka mabatire. Zisungeni nokha mpaka zidutse nyengo yozizira imodzi ndipo ziswane kamodzi. Zikafika pamenepo muli ndi katundu wanuwanu, mukudziwa ndalama zimene thanki imadya pamwezi, ndipo kasitomala akaloza nsomba yowala kwambiri n'kufunsa ngati ingakhale ndi zinzake, mudzamuyankha zimene mwaona ndi maso anu.